Matsumba Awiri pa Mlatho wa Gwaza

Ana inu mumautchula mwambi wa atambwali ngati munautola panjira, koma wina atakufunsani kumene unachokera mungangokanda kumutu. Khalani pansi mumve, pakuti unayamba motere.

Kunali mkulu wina dzina lake Dzimbiri, wa ndevu zambiri ndi tsitsi losadziwa chipeso. Ntchito yake inali iliyonse imene munthu wopusa ankaifuna tsiku limenelo. Atafika kwa bambo Gwaza, mwini ng'ombe zambiri, anasanduka sing'anga wotsirika makola. Anakwirira makoko a chinangwa pakhomo pa khola, kung'ung'udza mawu amene iye mwini sanawamve, n'kulandira thole. Pasanapite nthawi akuba anatulutsa ng'ombe pakhomo lotsirikalo. Gwaza analumbira kuti akam'gwira sing'angayo adzam'manga chingwe m'chiuno, apalire munda wake wonse mpaka chimanga chiche. Kwa Dzimbiri, amene khasu ankangolionera patali, imeneyi inali imfa.

Linali dzinja, mtsinje utadzaza, ndipo potulukira m'deralo panali pamodzi pokha, pa mlatho wamitengo. Gwaza anaikapo anyamata ake ndi zibonga. Nkhope ya sing'angayo sankaidziwa, poti tsiku lotsirikalo anali kubusa. Anangouzidwa kuti agwire mlendo aliyense wa tsitsi lowirira.

Dzimbiri anakabisala m'chigafa chakale cha fodya. Atalowa anapeza munthu wina atakhala pakona, akutafuna mondokwa wosaphika wa kudimba, tsitsi lake lowirira kuposa lake. Onse awiri anadzidzimuka, onse awiri anafuna kuthawa, ndipo anagundana pakhomo. Atapumako, mlendoyo anati dzina lake ndi Kachingwe, ndipo nayenso akusakidwa ndi Gwaza popanda chifukwa. Anati anangobwereka ngolo ya Gwazayo kuti akatenge odwala, ndiye kumsika munthu wina anaikonda ngoloyo, iye mtima wake ndi wofewa, sakanatha kum'kaniza.

Dzimbiri anapukusa mutu mwachisoni, koma kathumba kake anakasunthira kumbuyo. Mumtima anati uyu ndiye mbala yeniyeni. Naye anafotokoza zake, kuti mankhwala ake anali abwino, koma akubawo ndiwo sanatsate malamulo. Kachingwe anadandaula kwambiri, uku akukokera nsapato zake pafupi.

"Achimwene, mdani wathu ndi mmodzi," anatero Kachingwe. "Mutu umodzi susenza denga. Tiwolokere limodzi."

Anagwirana chanza, kenaka aliyense anayang'ana ngati zala zake zabwerako zonse.

Nzeru anabwera nayo ndi Kachingwe. M'mudzi wapafupi munagwa maliro, ndipo tsikulo linali lometa. Abale ochokera kutsidya ankabwerera kwawo masana omwewo, mitu ili mbee. Ndipo mukudziwa kuti namfedwa saimitsidwa panjira kuti afunsidwe za ngolo. Chofunika chinali kumeta mpala n'kulowerera pakati pawo.

Lezala linalipo limodzi, m'thumba mwa Kachingwe. Ndevu aliyense anadzipala yekha. Vuto linafika pamutu. Dzimbiri anaganiza kuti akayamba kumeta mnzakeyo, Kachingweyo akangometedwa adzaliyatsa liwiro n'kumusiya ndi tsitsi lake. Akati ayambe iye kuwerama, ndiye kuti wapereka khosi kwa munthu wogulitsa ngolo za eni. Anakankhirana ulemu kwa nthawi yaitali, uyu akuti yambani ndinu akulu, uyo akuti ayi, mlendo ndiye ayambe. Mapeto ake anathyola lezalalo pakati, kugwada moyang'anizana, mitu kuiweramitsa, kuti ametane nthawi imodzi. Dzanja lamanzere aliyense anagwira nalo khutu la mnzake ngati chikole.

Ali mkati mopala, Dzimbiri anam'bwerera maganizo amene anawaona ngati ochokera kumwamba. Pa mlatho akagwidwa mmodzi, anyamata onse adzaunjirira pa iyeyo, winayo n'kudutsa chete. Ndiye atafika kunkhongo kwa Kachingwe, anasiya tsumba lalikulu la tsitsi. Kuti mnzakeyo asazindikire, anatembenuza lezala n'kumakanda pamenepo ndi kobuntha. Nthawi yomweyo ankamva lezala la Kachingwe likuyenda bwinobwino kunkhongo kwake, mwachifatse, mobwerezabwereza. Anam'mvera chisoni pang'ono munthu wokhulupirika chotere, koma chisonicho sichinakhalitse.

Atatha, Dzimbiri anachita mantha kuti mnzakeyo angadzisisite kumutu. Ndiye anayamba mwa usinga'nga wake uja, kuti kwawo munthu akameta maliro sagwira kumutu mpaka atafika pakhomo pake, apo ayi imfa imam'tsatira.

"Kwathunso n'chimodzimodzi," anayankha Kachingwe msangamsanga. "Ndimati ndikuuzeni zomwezo."

Munthu wanzeru akanaima pamenepa n'kudzifunsa kuti mwambo umene waupeka yekha wafika bwanji kwawo kwa mnzake. Dzimbiri anangosangalala.

Anamfedwa aja atatulukira pamsewu, awiriwa analowerera pakati pawo, nkhope zili zachisoni kuposa za abale enieni. Dzimbiri ankafuna Kachingwe atsogole kuti tsumbalo lionekere bwino, koma Kachingwe naye ankangochedwetsa mapazi. Anayenda choncho phewa ndi phewa ngati ng'ombe zapagoli. Amayi amene anali kumbuyo kwawo anayamba kutsinana, wina mpaka kudziphimba kukamwa ndi chitenje. Dzimbiri anamva kunyada. Anadziwa kuti akuseka ntchito ya manja ake.

Pa mlatho anyamata a Gwaza anapatukira kumbali mwaulemu, zibonga kuzibisa kumbuyo. Dzimbiri anaona kuti mwayi ungapite, ndiye anatsinzinira mnyamata wina, n'kuloza ndi mlomo kunkhongo kwa Kachingwe. Potembenuka anapeza Kachingwe nayenso mlomo uli chisongokere, akulozera mnyamata wina kunkhongo kwa iyeyo. Asanamvetse bwino, dzanja lamphamvu linam'gwira kumbuyo kwa mutu n'kum'kokera pansi. Dzanja limenelo linapeza pogwira, ndipo apa mpamene Dzimbiri anadziwa kuti tsumba ali nalo.

Kachingwe naye anagwidwa ndi tsumba lake. Anyamatawo anawatengera onse awiri kwa Gwaza, anthu akutsatira pambuyo. Panjira awiriwa anatukwanizana mpaka malovu kuuma, aliyense akunena mnzake kuti ndi wosakhulupirika, ndipo aliyense ankanena zoona.

Gwaza anali munthu wonenepa, woseka mochedwa. Anawazungulira, kuyang'ana tsumba ili, kuyang'ana tsumba ilo, mpaka mimba yake inayamba kugwedezeka. Chingwe ndi makasu zinali kale pakhonde. Koma iye analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lumo lake lalitali, lonoledwa m'mawa womwewo, n'kuliika pampando pakati pawo.

"Mwandiseketsa, ndiye ndikukhululukirani," anatero. "Ingomalizanani. Wina awerame, mnzake am'chotse tsumbalo, kenaka musinthane. Mukatha, mlatho ndi uwo, palibe akuletseni."

Anthu anadandaula kuti Gwaza wafewa. Ntchito yake inali yaing'ono, yoti mwana akanaimaliza asanameze malovu. Dzimbiri mtima unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa kutsidya kunali kuonekera pomwepo. Kenaka anayang'ana lumo lija. Anayang'ananso maso a Kachingwe, ali psuu. Anakumbukira chinyengo chimene iye anam'chitira munthuyu m'chigafa muja, n'kuganiza zimene iye mwini akanachita lumolo likanakhala m'manja mwake, khutu la Kachingwe lili poyera. Anamva khutu lake likuzizira.

"Yambani ndinu kuwerama, achimwene," anatero Dzimbiri.

"Ayi akulu, sing'anga ndinu. Muli ndi mankhwala oletsa magazi."

Anaima choncho, lumo lili pampando, dzuwa likupendeka. Gwaza anaitanitsa thobwa, n'kumamwa mwakachetechete. Anamfedwa amene anatsala kuti aonerere anatopa n'kumapita. Palibe anawerama. Pomaliza Dzimbiri, amene chibadwire sanatulukepo thuza m'manja, anatembenukira kwa Gwaza ndi mawu otsika.

"Bambo, mundawo uli mbali iti?"

Anapalira dzinja lonse, chingwe chimodzi chitawalumikiza m'chiuno, anabandira, mpaka chimanga chinacha. Lumolo Gwaza ankaliika pachitsa kumapeto kwa munda tsiku ndi tsiku, ndipo mawu ake sanawabweze. Linachita dzimbiri pomwepo osakhudzidwa. Tsitsi linamera mozungulira, koma matsumba aja ankangotsogola, moti munthu ankawazindikira ali kutali.

Alendo odutsa akafunsa kuti bwanji anthu awiriwo osangochotsana timatsitsi timeneto n'kumapita kwawo, eni mudzi ankangoseka n'kuyankha kuti: atambwali sametana, amaopa kuchekana.