Mmene Ndinadutsira Chinkhoswe Changa Osaima

"Hm-hm! Mphwanga, galimoto si njinga. Ga-li-mo-to!"

Amenewo ndi amalume anga a Jailosi. Muwaone akamayenda: mimba patsogolo, phewa limodzi pansi, chala chachikulu m'lamba, mwendo wakumanzere akuuponyera kumbali ngati akutsika sitima ku Joni komwe anakagwirako ntchito mumgodi ine ndisanabadwe. Akafika pa anthu amayamba akhosomola kaye, hm-hm, kuti dziko lidziwe kuti afika. Ine ndimawayeseza bwino moti tsiku lina nditakhosomola choncho pakhomo pawo, akazi awo anayankha ali m'khitchini kuti, "Madzi osamba ndaika kale!"

Kuseri kwa nyumba yawo, m'munsi mwa phiri muno, kunali pikiapu yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joniko. Yobiriwira, nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi, boneti yaitali ngati bwato. Inakhala pamenepo zaka ndi zaka osasuntha, nkhuku zinkaikira mazira pampando, mpaka anthu ankalondolerana njira kuti, "Mukafika pa galimoto ya a Jailosi mukhotere kumanja."

Tsono ine Daisoni, amene mumandidziwa kuti ndimakonza njinga pamsika, ndinapeza mbeta. Felesiya, anzanga! Kwawo ndi kumadambo a mpunga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mukudziwa inu kuti kwathu kuno mwamuna sakwatira yekha ngati tambala, pamafunika nkhoswe, ndipo nkhoswe yanga ndi amalume. Popanda iwo palibe chinkhoswe, popanda chinkhoswe palibe Felesiya. Nditawauza tsiku, anakhosomola.

"Hm-hm. Ine Jailosi sindingapite kuchinkhoswe pa keliyala ya njinga ngati thumba la nandolo. Ikadzuka iyi tipita. Ikapanda kudzuka udzakwatira chaka chamawa."

Sankanena zoseka ayi. Mwana wawo amene ali ku Joni anali atawatumizira pa basi kabuleta yatsopano ya makosi awiri, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, pamodzi ndi manifodi yake, chitoliro chanthambinthambi chija chimene chimagawira injini petulo ndi mpweya. Makaniko wina wa pa boma anabwera, anachotsa zakale, anaika gasiketi yotseka mipata, anakhazika manifodi, kenako foni inalira kuti kwagwa maliro kwawo ku Mozambiki. Sabata yachinkhoswe imeneyo! Anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Ntchito yatha kale iyi, kwangotsala kukhazika kabuleta, kumanga mabawuti, kulumikiza paipi ya petulo ndi waya wa chopondera moto. Ndikabwerako ndidzamaliza." Maliro a ku Mozambiki, ndani anabwerako msanga?

Ndiye ndinati, kodi manja awa si amisiri? Njinga zingati zimene ndaziukitsa kwa akufa? Bawuti ndi bawuti basi.

Koma nditatsegula katoni ya kabuleta ija ndinazizwa. Anthu inu, kabuleta yatsopano ndi chinthu china. Yonyezimira ngati chikho cha mgonero kutchalitchi, timabowo ting'onoting'ono, timikono, tizitseko tiwiri m'kati timene timatseguka limodzi ukakoka kamkono kake. Ndinadzifunsa kuti munthu amene anaganiza zimenezi ankadya chakudya chomwe timadya ifechi? Ndinapita kukasamba m'manja ndi sopo ndisanaigwire. Ndinaikhazika pa manifodi pang'onopang'ono ngati ndikugoneka khanda, mabawuti ndinamanga mopingasa monga ndimachitira masipoko, paipi ndinalumikiza, waya ndinakola pa kamkono. Amalume ali chiimire kumbuyo kwanga, manja m'chiuno, akungoti, "Ehe. Ehe. Ngati mmene timachitira ku Joni."

Nditaponda chopondera moto kuti ndiyese, chinalowa bwinobwino koma osabwerera. Ndinaona kuti pakufunika kasipuling'i kokoka kamkono kaja kuti ukachotsa phazi moto uchepe. M'katoni munalibe. Ndinakutumula mapepala, ndinasesa pansi, ndinayang'ana ngakhale nkhuku ndi diso lokayikira, kasipuling'i osapezeka. Apa ndi pamene nzeru za njinga zinandilowa m'mutu. Kodi ntchito ya sipuling'i n'chiyani? Kukoka. Nanga mphira ya chubu siikoka? Ife timamangira mphira imeneyi mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri mpaka kumsika osagwa ngakhale chikuni chimodzi, ndiye ilephere kamkono kochepa ngati chala changa? Ndinadula mphira yabwino, yatsopano, ndinamanga uku ndi uku. Kuponda, kubwerera. Kuponda, kubwerera. Ndinadzigunda pachifuwa.

Kunalinso nkhani ya makiyi. Anatayika kalekale, ndiye amalume anandionetsa mawaya awiri pansi pa chiwongolero: ukawapotera pamodzi galimoto imakhala ndi moyo, ukawalekanitsa imazima. Ine poopa kuti angalekane m'mabampu n'kutichititsa manyazi pamaso pa apongozi, ndinawapota ndi pulayazi, n'kukulunganso ndi mphira yomwe ija, mfundo pamwamba pa mfundo. Ndinati tikafika ndidzamasula mofatsa. Mukuona kusamala kumeneko?

M'mawa wa tsiku lachinkhoswe tinabwereka batire la sola kwa aneba, anthu anatikankha potsetsereka. Galimoto inakhosomola kamodzi ngati mwini wake. Kachiwiri. Kenako, mayo ine! Vuuuum! Sindinamvepo mawu otero chibadwire. Si phokoso la zigayo kapena timatola tathu iti, ayi, anali mawu ochokera pansi pamimba, moti ndinawamva m'mano. Phiri lonse linayankha kumbuyo kwathu. Agalu anathawa, azimayi amene ankatsika ndi nkhuni anaima mitolo ili pamutu. Nditacheuka ndinaona amalume avula chipewa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndi yomweyo," anatero motsitsa. "Mawu ake ndi omwewo."

Abale ena anali atatsogola kale pa njinga, ati sangaike moyo wawo pa chinthu chimene nkhuku zinaswerapo anapiye. Tinatsala awiri, ine pa chiwongolero chifukwa maso a amalume anayamba kuchita nkhungu, iwo pambali panga atavala suti yawo ya ku Joni, kumbuyo tambala wachinkhoswe, wokasinthana ndi thadzi la akuchikazi, titamumanga miyendo. Kuyendetsa ndinaphunzira pa lole ya mchenga pamene ndinali wokweza katundu, ndiye musafunse zambiri.

Ulendo unayenda bwino kwabasi. Kungokhudza pang'ono chopondera, galimoto imalumpha ngati mbuzi yoti yadula chingwe. Akabaza ankapatuka n'kuvula zipewa. Fungo la mphira yotentha linkabwera pang'ono, koma ndinati ndi fungo la chitukuko. Sindinaganize kuti mphira ikakhala pa injini yotentha, petulo n'kumaidonthera, imafewa ngati phala.

Titayandikira kwa Felesiya tinaona anthu ali ndanda m'mbali mwa msewu, azimayi avala zitenje zofanana, nyimbo ili pakamwa. Amalume anakonza tayi.

"Hm-hm. Ponda moto pang'ono, mphwanga, amve kuti kukubwera anthu."

Ndinaponda mpaka pansi. M'boneti munamveka kuti thaa! Ndinachotsa phazi, chopondera chinatsala pansi pomwepo chili phee.

Anzanga, makosi awiri aja atatseguka onse nthawi imodzi ndinadziwa chifukwa chake anthu amalemekeza mainjiniya. Msana unamatirira kumpando. Mitengo ya mango inasanduka mzere umodzi wobiriwira. Mantha analipo, sindikana, koma mbali ina ya mtima inkati, ha, chinthu chimene ndamanga ndi manja angawa! Ndinaponda buleki, inangonunkha. Ndinaponda kilatchi, injini inakuwa ngati nkhumba ikuphedwa, amalume n'kundimenya phewa: "Siya! Siya! Undiphera injini!" Ine n'kusiyadi, poti mawu a amalume ndi lamulo.

Pakhomo pa apongozi tinadutsa ngati mphepo ya mkuntho. Ndinangoona nthungululu ikuthera pakamwa pa mayi wina, Felesiya atagwira m'mutu, amalume ake a Makhuva atatambasula dzanja la moni limene linangogwira fumbi. Amalume anga anali atatulutsa mkono wonse pazenera akuugwedeza.

"Zimitsa!"

"Mawaya, amalume! Lekanitsani mawaya, ine manja ali pa chiwongolero!"

Anawerama, anakanda ndi zikhadabo, analuma ndi mano. "Anamanga ndani apa? Mfiti yake ndani?"

"Ndimafuna asamasuke, amalume!"

Apa anayamba kupemphera m'Chilomwe, chilankhulo chimene amati anaiwala ali ku Joni. Chinabwerera chonse tsiku limenelo, ndi miyambi yomwe.

Msewu wa kumeneko suthera patali. Unasanduka kanjira ka njinga, kanjira kanasanduka mzere wa pakati pa minda, kenako kutsogolo kunangoti mbee, mpunga wokhawokha. Tinalowamo kuti phwaaa! Matope anakwera mbali zonse ngati mapiko, galimoto inasambira kamtunda ndithu, kenako inati hm-hm n'kuzima.

Bata limene linagwa pamenepo sindidzaliiwala. Akakowa ambirimbiri anauluka nthawi imodzi, oyera mbuu, kutali uko phiri lathu lili buluu ngati silikudziwa kanthu. Ndinadzitsina kuti ndione ngati ndi kumwamba. Kumbuyo tambala analira.

Asodzi amene ankachokera kunyanja ndi madengu a matemba anatsika pa njinga zawo n'kutizungulira, pakamwa pali yasa. Mmodzi anagwira boneti n'kunena kuti, "Akulu, iyi ndi galimoto kapena ndege yopanda mapiko?" Ndinaona amalume, amene mphindi yapitayo ankaitana amayi awo omwe anamwalira kalekale, akuwongoka pang'onopang'ono. Mimba inabwerera patsogolo. Chala chinalowa m'lamba.

"Hm-hm. Imeneyo inali giya yachitatu chabe."

Tinabwerera wapansi, matope mpaka m'chiuno, tambala kukhwapa. Munda umene tinaugoneka uja, mukuganiza unali wa ndani? Wa apongozi anga, mayi ake a Felesiya. Pa minda yonse ya ku Chilwa!

Anatikhazika pa mphasa pansi pa mtengo, abale athu uku mitu ili pansi, akuchikazi uko. Nyimbo zinali zitatha. A Makhuva, munthu wamfupi wolankhula mofatsa ngati akuwerenga Baibulo, anayamba.

"A Jailosi, takulandirani. Koma tisanafike pa zimene mwadzera, tiuzeni. Tinaima pamsewu, ana ndi akulu, kukulandirani. Mwatidutsa ngati zitsa, mwatidyetsa fumbi, mwakagoneka mpunga wa mlongo wanga. Tinakulakwirani chiyani?"

Apa munthu akanangonena zoona nkhani ikanatha. Koma amalume anayang'ana asodzi aja amene anatitsatira, akunong'onezana za ndege yopanda mapiko, ndipo ulemerero unawakomera.

"Hm-hm. A Makhuva, ku Joni galimoto ya mtundu umenewu siima mwadzidzidzi ngati ngolo. Timayamba tadutsa kaye, anthu aione mphamvu yake. Simunaone ndikukubayibitsani?"

"Ndiye munachita dala?"

"Mwaukatswiri."

A Makhuva anagwedeza mutu, anayang'ana mlongo wawo, n'kunena kuti, "Chabwino. Ngozi tikanaimvetsa, imagwera aliyense. Koma mkamwini amene akudutsa apongozi ake mwadala tsiku loyamba, akadzakhala pamudzi pano adzatiyenda pamutu. Tengani tambala wanu. Mwana wathu sanafike potopa nafe."

Mtima wanga unagwera m'matope a m'nsapato. Ndipo mukudziwa mwambo wake, ankhoswe akamalankhula mkamwini sayasamula ngakhale kukamwa kutayabwa chotani. Ndinangoyang'ana amalume ndi maso a galu womangidwa. Felesiya kuseri kwa amayi ake anali ataphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, kaya kulira kaya kuseka. Pamphasa pomwepo ndinalumbira chamumtima kuti ine ndi mphira tizikumana pa njinga basi, chinthu chilichonse chokhala ndi boneti ndizichipatsa moni patali.

Amalume anayang'ana ine, anayang'ana asodzi, anayang'ananso ine. Anayesa kukhosomola koma sizinatuluke. Kenako anachotsa chala m'lamba, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"A Makhuva, tisanamizane, tonse ndife akuluakulu. Palibe za ku Joni apa. Galimoto ija inatithawitsa. Mwana uyu anamanga kabuleta ndi mphira ya njinga, ine n'kumamuchemerera. Ndipo mkono uja sindimakubayibitsani ayi, ndimapempha thandizo."

Kunayamba ndi mayi ake a Felesiya, kuseka mpaka kugwira nthiti, kenako bwalo lonse linaphulika. A Makhuva akupukuta misozi anakodola mlongo wawo kuti, "Bweretsani thadzi lija, anthu awa ndi athu. Komanso patsani a Jailosi madzi atsuke thalauza, matope a m'dambo amadetsa."

Amalume anayang'ana thalauza lawo nthawi yaitali.

"Poti tayamba kunena zoona, a Makhuva," anatero, "kunyowa uku si konse kwa m'dambo."