Nkhokwe ya m'tabuleti ya akamwini

Anzanganu, musayambe kuseka ndisanamalize, poti ine ndikaikumbukira nkhaniyi ndimasowa poika nkhope.

Kuno ku Chidzolomondo aliyense amadziwa kuti ndine mayi waudongo, pabwalo panga simungapezepo ngakhale chitsononkho chimodzi. Kusukulu sindinapite, nthawi yake inatipeza tili ku Malawi titathawa nkhondo ya kuno, koma mutu uwu! Chimene ndaona kamodzi sindiiwala. Ndiye mutu womwewu ndi umene unandipachika.

Akamwini anga, bambo a Tereza, ali ndi tabuleti, chija chonga foni koma chachikulu. Anamva kuti ku Furankungu akufuna anthu oyendera alimi a fodya, ndipo mawa lake linali tsiku lomaliza kupereka mapepala. Mapepala enieniwo ali kwa makolo awo ku Tsangano, kutalitali, iwo anangowajambula n'kuwasunga m'tabuletimo kuti akawasindikize kutawuni. Ntchito imeneyi anailakalaka kuyambira kalekale, ndipo ife tonse pakhomo tinali titaiwerengera kale.

Masana amenewo iwo anapita kukakonzetsa mota, njinga yawo yamoto ija, mkazi wawo, mwana wanga Rozina, ali kudimba, tabuleti ili phee pazenera. Ine cholinga changa chinali chabwinobwino, kungoona zithunzi za ubatizo wa mdzukulu wanga. Kutsegula kwake ndinkakudziwa, si ndinkamuona Rozina akukoka chala ngati akujambula mpini wa khasu? Ndinakoka, n'kutseguka. Ndinadziwomberanso m'manja ndekha!

Koma zimene ndinaona, mayo! Mapepala ali mbwee, zithunzi uku, timatumba tachikasu tija Rozina amati mapasita uko, ngati chimanga chomwazidwa ndi nkhuku. Mtima unandipweteka. Munthu akupita kukaonekera kwa akuluakulu, zinthu zake zili chonchi? Akati akuchokera pakhomo pa yani?

Ndikuyang'anitsitsa, pakona ndinaona kankhokwe. Inde, nkhokwe yeniyeni, kadenga kake pamwamba, timizere ta nsungwi m'mbali. Ndinati eee, kani opanga zinthuzi nawonso ndi alimi! Ndinadina pepala limodzi n'kugwiritsa monga amachitira Rozina, kenako n'kukhudza kankhokwe kaja. Chinthucho chinandifunsa funso m'Chipwitikizi, ine n'kuyankha kudzanja lamanja, poti Rozina amayankha komweko nthawi zonse. Pepala lija lowu! Ndinamva kukoma, inu. Lachiwiri lowu, lachitatu lowu, mapasita onse ndi katundu wake lowu, ndikuimba nyimbo ya kwaya ngati ndili pa ntchito yokolola.

Chinatsala chinthu chimodzi. Chithunzi changa, chimene Rozina anandijambula mwakuba tsiku lomwe tinamaliza kutong'ola chimanga. Ndili gada pamphasa, mpango utagwera uko, kukamwa kuli yasa, dzino langa lija lotsala lokha kutsogolo lili poyera, ntchentche itatera pachibwano. Chimenechi chilowe m'nkhokwe pamodzi ndi mapepala aulemu? Ndinakana. Ndinafunafuna dzala loti ndikachitayeko, osalipeza. Ndinati basi, chikhale panja pomwepa chiswe chidye. Ndinabweza tabuleti pazenera osauza munthu, ndimati akaone okha ubwino wa apongozi.

M'mawa akamwini akukwera mota ndinachita kunena mokweza kuti, “Rozina, uwauze apite ndi mtima umodzi, zinthu zawo zili m'malo.”

Za ku Furankungu ndinazimva pambuyo pake. Akuti anaima pamzere mpaka dzuwa pamutu, n'kulowa kwa shefi, bwana wa muofesimo, amene anafuna ayambe waona mapepalawo asanasindikizidwe. Akamwini anatsegula tabuleti n'kuipereka ndi manja awiri osayang'anamo. Shefi anayang'ana, n'kuvula magalasi, n'kuvalanso.

“Senyoro, ofuna ntchitoyo ndi mayi awa?”

Akamwini kusuzumira, thukuta kamukamu. “Ayi shefi, amenewo ndi apongozi anga.”

“Nanga mwawabweretsa ngati mboni? Adzutsenitu alankhule.”

Akuti a pamzere anachita kukankhana kuti aone, wina n'kufunsa ngati ndinali moyo pojambulidwapo. Akamwini kufufuza uku, kufufuza uko, mapepala osaoneka, shefi wayamba kale kuitana wotsatira. Mwayi wake mayi wina wolemba muofesimo anawamvera chisoni, anatenga tabuleti n'kudinadina, n'kuzipeza zonse n'kuzibweza m'malo.

Madzulo mota inalira pabwalo. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Anakhala kuseri kwa khitchini, ine pakhonde, Rozina pakati.

“Rozina, uwafunse amayi ngati anaona nkhuku ikuponda tabuleti dzulo.”

Ine m'malo mokhala chete, ndinakonza chitenje monyada. “Uwauze kuti si nkhuku, ndine. Ndinawalongera zonse m'nkhokwe, asavutike n'kuthokoza.”

Rozina anagwa pansi, misozi ili chuchuchu ndi phwete. “Amayi inu! Si nkhokwe ija! Ndi lishu, dzala lotayako zinyalala!”

Dzala! Lomwe ndinalifunafuna lija, kani ndinali nditathiramo kale zokolola zonse za mwana wa eni ake, chinyalala chenicheni n'kuchisiya pabwalo! Ndinafunsa ndi mawu aang'ono ngati ntchito yapita. Akamwini anatsokomola, mawu akunjenjemera ngati munthu wogwira chiseko ndi mano.

“Uwauze amayi asadandaule, mapepala alandiridwa. Koma shefi wati ndiwapatsire moni, akuti apitirize kugona bwino.”

Kuyambira tsiku limenelo tabuleti ndimailambalala ngati njoka, ngakhale ilire bwanji. Kumsika wa ku Furankungu ndimatuma ena, poti kumeneko amandidziwa mpaka kummero. Ndipo tulo ta masana tikandigwira, ndimalowa m'nyumba, kutseka chitseko, n'kumanga mpango kukamwa.