Mmene Ndinakwezera Nyanja ndi Ketulo ya Apongozi

Anzanga, ine nyanja yamchere sindinaionepo ndi maso angawa, komatu ndinadzipereka ndekha kuti ndikaifotokoze kwa alimi a m'kalabu yathu kwa Mposa. Ndinali nditangobwera kumene ku maphunziro a zanyengo ku Liwonde, mutu utadzaza. Kumeneko anatiuza kuti kuyambira kalekale dziko likazizira madzi amaundana pamtunda, nyanja n'kutsika, likatentha amasungunuka, nyanja n'kukwera, ndipo panopa ikukwera chifukwa cha utsi wathu anthufe. Ndiye ndinati zongolankhula sizimveka, ndikawaonetsa.

Ndinagula chibuma cha ayisi kwa mayi wina wogulitsa mafilizesi pa Nsanama, n'kuchikulunga m'jumbo, n'kukwera njinga yamoto nditachikhazika pamiyendo. Dzuwa lake la Okutobala. Mukuganiza kuti ndinafika bwanji? Thalauza itanyowa kutsogolo konse, ndipo woyamba kundilandira pansi pa mtengo wa mango anali apongozi anga aamuna, Che Bwanali. Anayang'ana thalauzayo, n'kuyang'ana kumwamba, kenaka n'kundifunsa mmene ana adzukira ngati sanaone kanthu.

Ndinathira madzi m'beseni, n'kuponyamo ayisi wotsalayo, n'kulemba mzere ndi khala pomwe madziwo analekezera.

"Beseni ili ndi nyanja," ndinatero. "Muone zomwe zichitike ayisiyu akasungunuka."

Anthu anaunjikana, ena mpaka kugwada. Ayisi anasungunuka yense, madzi ali pamzere pomwepo, osasuntha ngakhale pang'ono. Pambuyo pake m'pomwe ndinamva kuti ayisi woyandama sakweza madzi, wokweza ndi wosungunukira kuchokera pamtunda, ndikanangomuika pamwala. Kaya ku Liwonde ananena ine nditapita kogula mandasi, sindikudziwa.

"Aphunzitsi, tidikirebe?" anafunsa mayi wina. "Mbuzi zanga sindinamasule."

Nthawi yomweyo pamsewu panadutsa ngolo ya thonje, ng'ombe zikuvuta, anthu onse n'kucheukira komweko. Pambali panga panali ketulo ya apongozi, ya madzi osamba asanaswali. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinainyamula msangamsanga n'kuyamba kutsanulira m'beseni. Chivindikiro chinagwera momwemo, phokoso lake ngati belu la kusukulu, ndipo onse anatembenuka n'kundipeza ketulo ili m'manja, madzi akutsikabe, mzere utamira.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Wina kumbuyo anayamba kutsokomola kobisa phwete, koma Che Bwanali anakweza dzanja.

"Iyayi, musawaseke akamwini," anatero mofatsa. "Phunziro lamveka bwino, taona tonse. Nyanja siikwera yokha, amaikweza ndi munthu."

Apo ndiye anthu anagwa nako kuseka, ine ndemwe ndinaseka misozi ili m'maso. Apongozi ananyamula ketulo yawo yopanda kanthu n'kupita kukapempha madzi kunyumba yoyandikana, nthawi ya swala itakwana.

Za kukwera kwa nyanja ndimaphunzitsabe mpaka lero chifukwa n'zoona, koma ndinalumbira kuti ndizifotokoza ndi pakamwa pokha, manja ali m'thumba.