Lamulo langa loletsa mafuta pakhomo

Mpaka lero ndikamadutsa pomwe amayi amayezetsa ana sikelo, ndimayenda chogwetsa nkhope. Chinayambitsa zonsezi ndi BP.

Kuchipatala atandiyeza anati yakwera, ndichepetse mafuta ndi mchere. Anati ndichepetse. Koma pofika kwathu ku Kachebere nkhaniyo inali itakula panjira. Ndinaitana mayi a Tadala n'kulengeza kuti pakhomo pano mafuta aletsedwa: ophikira, mapeyala, ngakhale nsinjiro (inde, ine mlimi wa mtedza, matumba ali mbwee m'nyumba, ndinaletsa kutendera).

"Nanga phala la mwanayu?" anafunsa.

"Nayenso azolowere akadali wamng'ono," ndinatero. Tadala anali ndi chaka chimodzi, ndiye sanapereke maganizo ake.

Miyezi iwiri tinadya masamba owiritsa. Ndikuti "tinadya", koma ine masana ndinkakhala pa Boma kugulitsa mtedza, ndipo pafupi ndi depoti pali chiwaya cha a Zulu. Sindinkapitako dala, miyendo inkangokhotera komweko. Tchipisi ndi nyama ya nkhumba, yonona ija. Ndinkapukuta pakamwa bwinobwino ndisanakwere kabaza.

Tsiku la sikelo mayi a Tadala anati ndiwaperekeze, poti obwera ndi amuna awo sakhalitsa pamzere. Ndinapita monyadira, mwana paphewa.

Mlangizi wa zaumoyo anamupachika pasikelo, n'kuyang'ana m'buku. Anati watsika. Apo ndi pomwe ndinaona koyamba kuti timikono ta mwana wanga tachepa. Ndinachita mantha, sindibisa.

"Anadwala?" anafunsa mlangizi.

"Ayi," anatero mayi ake.

"Mukumuthirira chiyani m'phala?"

Mayi a Tadala anangondiyang'ana, ndipo amayi onse pabenchi anatsata maso awo.

Ndinafotokoza za BP. Mlangizi anafunsa modekha ngati wodwala BP-yo ndi ine kapena mwanayu. Kenako anati mwana sangakule bwino popanda mafuta, ndipo mavitamini ena a m'masamba salowa bwino m'thupi popanda timafuta. Nsinjiro ndi mapeyala n'zabwino ngakhale kwa ine. Oti ndiwathawe ndi mafuta a nyama, ndi aja okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda.

"Amenewo ndinasiya kalekale," ndinatero.

Mayi wina kumapeto kwa benchi anasuzumira. Anali akazi awo a Zulu.

"Bambo, si inu a 'ikani yonona' aja? Dzulo munaiwala chipewa kuchiwaya. Musadandaule, takusungirani."

Palibe anaseka, ndipo ndikanakonda akanaseka. Titafika kunyumba mayi a Tadala anangotulutsa mtondo n'kundipatsa munsi, masana dzuwa likuswa mtengo, anansi akuona.

Nsinjiro za Tadala ndimasinja ndine mpaka pano, ndipo masaya ake anabwerera. Chipewa chija ndinakatenga Lachisanu. Kungotenga n'kuchokapo osagula kanthu sikukanakhala ulemu.