Chanza cha Abwana Bongololo

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zoti mukamva mundiseka. Paja lero ndikukajambula msonkhano wa kampani koyamba, ine wozolowera maukwati. Ndiye kutuloko ndinali nditafika kale kuhotela, kamera ili m'khosi.

Mayi Nyirongo, amene anandipatsa ganyuyo, anandikokera pambali. "Chemwali, zithunzi ziwiri musaphonye: chogwirana chanza ndi cha gulu. Mukaphonya, tisadzaonanenso." Atatero anasanduka nkhanga n'kuthamangira kukhitchini.

Ndiye ndinayamba ndi pa tebulo la zakudya. Samusa wina ali pakamwa pa mkulu wina anakuwa, "Iwe, usandijambule pano! Munthu akutafuna sajambulidwa!"

"Wamva?" inatero kamera. "Kuno si ku ukwati. Gwada pansi, bwana amafuna azioneka wamtali."

Ndinagwada. Mwadzidzidzi akauntanti anasanduka bilimankhwe. Ndikamuloza, iye n'kukhala katani. Ndikasuntha, iye n'kukhala kapeti.

"Musiye," inanong'ona maikolofoni. "Ameneyo ngakhale antchito anzake samuona mwezi ukatha."

Ndiye nthawi ya chanza inakwana. Abwana aakulu anaimirira, n'kukonza tayi, mwadzidzidzi n'kusanduka bongololo, suti ili m'thupi. Manja mbwee! Mlendo wolemekezeka, amene tsopano anali mvuu, anagwira dzanja limodzi.

"Ayi, si limenelo," anatero abwana. "Limenelo ndi losainira tchuthi, silinagwirepo ntchito."

"Nanga ndijambule liti, bwana?"

"Lililonse, bola mimba isaoneke."

Koma thupi lonselo linali mimba! Ndinakwera pampando, mpando n'kudandaula msana. Ndinatsika, n'kudina. Fulashi itang'anima, abwana anadzipinda ngati nkhata.

Ndiye tinapezeka panja, pa chithunzi cha gulu. Ndinangoti, "Afupi kutsogolo!" Palibe anasuntha. Onse anayamba kutalika makosi ngati nyamalikiti mpaka mitu kulowa m'mitambo. Pansi panangotsala matayi akupepeluka.

"Nenani kuti kutsogolo kuli alawansi," inatero nkhanga ija.

Nditangonena, mitu yonse inagwa kuchokera kumwamba n'kundanda bwinobwino, mano onse pamtunda, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Chithunzi chokongola chotere sindinachionepo. Ndinagwira mpweya, n'kudina.

Zii.

"Ndili ndi njala," inatero kamera, n'kutseka diso.

Ndikuipepesa choncho, ndinamva ana a aneba akukuwa panja, "Magetsi ayakaaa!"

Ndinadzambatuka pabedi, n'kuthamangira kukatchaja batire ya kamera.