Mmene Ndinathyolera Nyenyezi ya Nkhata

Ndikulumbira pali malemu bambo anga amene anagona kuseri kwa phiri la Thambani, lilime langali liume ngati chikopa cha mbuzi ngati pali liwu limodzi labodza pa zimene ndikuuzeni. Inu amene mwayamba kale kukodolana kumbuyoko, sekani, mano ndi anu. Koma amene akundidziwa ine Phiri, munthu amene ndathyola manachesi m'minda yonse ya Mwanza kuyambira tsitsi lili bii mpaka lero lili mbuu, akudziwa kuti bodza sindidziwa n'komwe limagona.

Chinali chilimwe chathachi, manachesi atatha m'mitengo. Kunabwera anyamata ndi atsikana a ku Blantyre pa pikapu, anakhoma matenti awo pabwalo la mpira la pasukulu, n'kuimika chipaipi chachikulu cha miyendo itatu chimene amati telesikopu. Ati iwo chowasangalatsa ndi kugona kutchire n'kumayang'ana kumwamba, poti kutauni magetsi anadya nyenyezi zonse. Mtsogoleri wawo, mtsikana wamagalasi dzina lake Tadala, anazungulira msika wonse kuitana aliyense kuti madzulo abwere adzaone nyenyezi ina yokhala ndi mkombero, ngati yavala nkhata.

Nditakanena zimenezi kunyumba, akazi anga Anangozo anasiya kusenda nandolo. Mayi amenewa asenza madengu a manachesi kupita nawo kumsewu moyo wawo wonse, mpaka tsitsi la paliwombo linathothoka. Tsopano maso awo anagwa ng'ala, akutsekeka pang'onopang'ono, moti ine amandizindikira ndi katsokomoledwe.

"Nyenyezi ya nkhata?" anatero. "Ameneyo ndi mnzanga. Bambo a Esinati, mundiperekeze ndikamuone masowa asanatsekeretu. Ndikufuna ndidziwe kuti wasenza chiyani."

Ndinalonjeza. Ndipo alendowo anali oti kukangocha akubwerera kwawo.

Tsono vuto la ife anthu akuno ndi ulemu. Kumusiya mlendo mumdima ndi manyazi a mudzi wonse. Dzuwa litangolowa, amayi a mvano, anyamata a kabaza, ogulitsa mandasi, aliyense anabwera ndi mtolo wa nkhuni, n'kukoleza moto kuzungulira bwalo lonse kuti alendo athu azione bwino nyenyezi zawozo. Tadala anagwira m'mutu. Anagwada n'kugwada komwe kutipempha kuti tizimitse, ati nyenyezi zimafuna mdima. Anthu anamvera, n'kuthira madzi. Mukudziwa chimene moto umachita ukathiridwa madzi? Utsi unadzuka, unakwera, unakapeza utsi wa osaka mbewa uli kale m'mwambamo, awiriwo anakwatirana pompo n'kubereka chibulangete chakuda kuyambira ku Neno mpaka ku Zobue. Kumwamba kunangotsala kamwezi kopindika ngati zenga, kakusuzumira pamphepete.

"Agogo, pepani," Tadala anawauza Anangozo amene anali atakhala kale patsinde pa chipaipi. "Lero sizitheka."

Iwo anangoyamba kupapasa pansi kufuna ndodo yawo.

Apo mtima wanga unakana. Mukumva? Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga ngowe yanga yothyolera ndi dengu, ndinagwetsa nsungwi zonse za m'mbali mwa mtsinje n'kumazilumikiza ndi malegeni a chubu cha njinga, iyi pa iyi, iyo pa iyo, mpaka nsonga yake inalowa mu utsi osaonekanso, ndipo nditaigwedeza pang'ono ndinamva kuti kwe, yakola panyanga ya mwezi. Ndinalavulira m'manja, dengu kumsana, n'kuyamba kukwera, kukwera, kudutsa mileme imene inali itakanirira mu utsi ngati ntchentche mu uchi, kudutsa fungo la mbewa zowamba, mpaka mutu wanga unatulukira pamwamba ngati wa munthu wovuuka padziwe.

Abale anga, kumwambako kuli zii. Zii wake woti umamva magazi ako akuyenda. Utsi uja ndinaugwira m'mphepete, ndinaukulunga ngati mphasa n'kuukankhira ku Mozambique, unadutsa pachipata popanda pasipoti, ndipo pansi panaoneka nyali za mathiraki a pamalire zitandandalika ngati mikanda pa ulusi. Nditatukula maso ndinazindikira chinthu chimene a mabuku sakuchidziwa: kumwamba ndi munda. Nyenyezi zimalendewera pa timapesi, panthambi zakuda zimene simungazione muli pansi. Zina n'zosapsa, zobiriwira, zonunkhira ngati khungu la ndimu. Zakupsa zimalira motsitsa ngati belu la njinga ili kutsidya kwa dambo. Mlalang'amba uja mumauonawu ndi mtsinje weniweni, ndinauwoloka nditapinda buluku, madzi ake ofunda ngati mkaka wongokama kumene, ndipo buluku limenelo mpaka lero ndi limene timaunikira nkhuku zikamalowa m'khola.

Ndinayenda m'mundamo osafulumira, poti kumeneko miyendo siilemera, umangoti kuganiza zopita uko wafika kale. Ndiye ndinaipeza nyenyezi ija, ili payokha kunthambi ya kum'mawa, yachikasu ngati nachesi la kumapeto kwa nyengo, nkhata yake ili mbee.

"Odi, mayi," ndinatero. "Kuli mnzanu akukufunani pansipa."

Munthu wosadziwa ntchito akanangoikoka n'kung'amba khungu, ikanawola isanafike pansi. Ine ndinaigwira m'manja awiri, ndinaipotokola pang'onopang'ono mpaka inathothoka ndi kaphesi kake, n'kuigoneka m'dengu pamwamba pa chipewa changa. Nthawi yomweyo pansi Tadala anali ataloza chipaipi chake pamalopo, akukuwa kuti nyenyezi yasowa, akungoona khutu la munthu. Khutu lake ndi ili, ligwireni amene akukayika.

Ndinatsetsereka pansungwi mpaka m'manja munatuluka utsi, ndinatera pakati pabwalo, anthu anapatuka, ndipo ndinaitula pamiyendo pa Anangozo. Kuwala kwake sikunali kothobwa m'maso ayi, kunali kofewa ngati kwa m'bandakucha, kunayenda pankhope za anthu, pamatenti, pamapolo a zigoli, ndipo kutafika pamaso pa akazi anga ng'ala ija inasungunuka ngati mchere m'madzi. Mukumva? Anaona! Anaitembenuza uku ndi uku, anayendetsa chala m'mphepete mwa nkhata, kenako anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

"Wasenza chiyani, agogo?" anafunsa Tadala monong'ona, poti Anangozo anali atamuuza kale chimene anadzera.

"Palibe, mwana wanga. Mnzangayu anatula kalekale. Nkhata yokhayi anangoisunga."

Anakhala nayo choncho nthawi yaitali, akuisisita ngati mwana wogona. Kenako anati, "Bambo a Esinati, kam'bwezeni, kwawo angamufune."

Ndinakweranso, ndinaimangirira panthambi yake ndi luzi, koma poti manja anali atatopa ndinaimanga mopendekeka pang'ono. Alendo aja atayang'ana m'chipaipi anavomereza okha kuti nkhata yapendekeka, ndipo mudzi wonse unaima pamzere kusuzumira mmodzimmodzi, mumdima, popanda woyatsa ngakhale machesi. Pobwerera kunyumba Anangozo ankayimba, ndodo ataiiwala pabwalo.

Zonsezi ndi zoona, nsungwi, mtsinje, buluku, zonse. Kaya mwina kamodzi kokha, zoti ng'ala inasungunuka zija ndangokometsera nkhani. Maso sanatseguke. Anaiona ndi manja basi, ndipo akuti zinawakwanira.