Apongozi ndi Tiziboliboli ta Agiriki

Mpaka lero munthu akatchula za malo oonetsera zinthu zakale, ine thukuta limayamba ngakhale kunja kukuzizira.

Mayi ake a Tiyamike, bwenzi langa, anabwera ku Dublin kuchokera ku Dedza kudzaona mwana wawo, komanso kudzandiona ine ngati ndili woyenera kupatsidwa mkazi. Ukwati unkangodikira mawu awo. Anzanga a ku Coolock, dera la mu Dublin momwemo, anandilangiza kuti ndipite nawo kunyanja ku Skerries. Ine, pofuna kuoneka wozindikira (matenda anga akale), ndinasankha kumyuziyamu.

Ndinali nditapitako kale n'kukopeka ndi tiziboliboli tadothi ta Agiriki, timayi tofunda nsalu mpaka kumutu, taulemu ngati tikupita kumapemphero. Zinayamba bwino ndithu. Apongoziwo anawerama pagalasi n'kumwetulira.

"Koma ndiye ankadziwa kuumba! Aka kakungofanana ndi Nachisale wa kwathu," anatero. Kanali koyamba kulankhula ndi ine osadzera mwa mwana wawo.

Potembenuka ndinaona bokosi lotsatira, lomwe ulendo woyamba sindinalilabadire. Munali tiamuna tothamanga, topanda ngakhale kansanza. Mkamwini kuonera zimenezo limodzi ndi apongozi? Malaulo! Ndinafulumira kukaima kutsogolo kwake, koma poti ndine wowonda (nkhani ina imene apongozi anali ataidandaula kale), tiamuna tina tinkasuzumirabe m'mbali. Ndiye ndinatambasula jekete n'kulikumbatira bokosilo, tsaya lili pagalasi.

Belu linalira. Mlonda anabwera chothamanga n'kundilamula kuti ndichokepo. Ndinachoka, zonse n'kukhala pambalambanda. Apongozi anayang'ana tiamunato, anayang'ana ine, kenaka anaphimba kumaso ndi mpango.

"Tiya, tawafunsa bambowa, amatikumbatiranji timeneti?"

"Mami, amafuna kubisa, anapanga paniki basi."

"Chobisa amachita kuchipsompsona?"

M'basi yobwerera sanandiyang'anenso. Zinandipweteka kwambiri, poti ulemu womwewo ndi umene unandigwetsa.

Anabwerera ku Dedza osanena inde kapena ayi. Mwezi watha kunabwera kaphukusi, ine n'kuyesa ndi yankho. Munali tizidutswa ta chitenje, topinda bwino m'mphepete, ndipo uthenga unadzeranso mwa Tiyamike: "Ayambe akawaveka anzawo aja, za ukwati tikambirana pambuyo."

Tizitenjeto ndili nato m'kabati. Ku Skerries, ndi mphepo ija, sindikhulupirira kuti tikanapezako wovula.